Mmene Che Abdullah Anatulira Hamala

Ku Biwi, kuseri kwa magalaja, kunali mzere wa mashedi a amisiri okhoma zidebe, ndipo shedi yakumapeto inali ya Che Abdullah. Amene munakhalako zaka zimenezo mukuwakumbuka: bambo wamfupi, wa kofia yoyera, wosakonda zolankhulalankhula. Ine ndine Gilford, wopenta nyumba. Tinkachita lendi pa poloti imodzi kuseri kwa shedi yomweyo, khomo langa kuyang'anana ndi lawo, choncho zimene ndikunenazi sindinachite kumva kwa anthu.

Kwawo kunali ku Mangochi. Luso analitenga kwa bambo awo pamodzi ndi hamala ndi chidutswa cha njanji chokhomerapo, ndipo anafika nazo ku Lilongwe ali mnyamata, atazinyamula m'thumba la saka. Ndowa yawo sinkadontha. Amayi a ku Kawale ndi ku Mchesi ankadutsa amisiri onse a mumzeremo kudzafuna mbaula ya Che Abdullah, ngakhale kuti ankafunika kudikira sabata. Akangochokera ku mzikiti m'mawa, unkangomva khoo, khoo, khoo mpaka dzuwa kupendeka. Lachisanu iwo akapuma anzawo ankakhoma, Lamulungu anzawo akapuma iwo ankakhoma. Ife a pa poloti tinazolowera moti phokosolo sitinkalimvanso.

Anakwatira mochedwa, mayi wa ku Salima dzina lake Sakina, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi, Zaki. Mwanayu anali wooneka bwino, wamphumphu thupi lonse, koma anafika zaka zisanu ndi zitatu osatchula ngakhale "amama". Sankayang'ana munthu m'maso. Ankayenda monyang'ama uku akukupiza manja, ndipo ukamupatsa zitsekerero za mabotolo ankazindandalika pamzere tsiku lonse. Usuntheko chimodzi, waputa mavu. Masiku ano pa wailesi akumati otizimu. Nthawi imeneyo dzinali sitinkalidziwa, ndipo pamene palibe dzina anthu amaikapo lawo. Ena ankati majini. Ena, anthu opanda manyazi, ankanong'onezana kuti Che Abdullah anakhwimira mwana kuti ndowa ziziyenda malonda. Kukhwima kwanji kogona m'chipinda chimodzi chalendi? Nkhani imeneyo imandipsetsa mtima mpaka lero.

Makolo ake sanakhale manja lende. Kwa mashehe anapita, madzi opempherera anamumwetsa, chithumwa anamangirira pamkono. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi ogonetsa, mwana n'kumangokhala ngati nkhuku yachitopa, mpaka Sakina anawataya m'chimbudzi.

M'nyengo yozizira ya chaka cha 2006 Sakina anadwala pang'ono n'kumwalira. Zaki anatsala wopanda womuyang'anira. Tsiku lina anazemba n'kukafika pa msewu waukulu wopita ku Dedza, minibasi inachita kumuphonya pang'onong'ono. Kuyambira pamenepo Che Abdullah ankamumanga chingwe cha khonje m'chiuno, n'kuchimangirira ku nsanamira ya shedi, pafupi ndi njanji yawo.

"Ndizimuona ndi diso langa," anandiuza. "Komanso mwina manja angagwire luso. Inenso ndinaphunzira poyang'ana chabe."

Maganizo awo anali abwino, koma mwana anaipiraipira. Ankakuwa kuyambira m'mawa, ankamenyetsa chipumi pa nsanamira mpaka chinatupa n'kuchita bala, ankadziluma mkono mpaka magazi. Tonse tinati akusowa mayi ake. Eni poloti anayamba kunena za notisi, akuti alendi ena akudandaula.

Pa sadaka imene Asilamu amachita pakatha masiku makumi anayi panabwera Che Musa, mchimwene wake wa Sakina, msodzi wa ku Salima. Kwawoko mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mawu a malume ndiwo amagamula. Che Musa ataona bala la pachipumi ndi chingwe chija ananena pamaso pa anthu kuti mvula isanagwe mwanayo abwere kwawo kwa mayi ake. Che Abdullah anavomera ataweramitsa mutu. Anthu atabalalika anandipeza ndikutsuka maburashi.

"Ndalephera, a Gilford," anatero. "Ndi mwana wanga yekhayo, koma ndalephera."

Mwezi wa Okutobala ndinapeza ntchito yopenta zipinda pa hotelo ina ya m'mphepete mwa nyanja ku Salima, kukonzekera alendo a pa Khirisimasi. Ankafunanso mmisiri wokonza chumuni cha kukhitchini ndi ngalande zamalata zolandira madzi a padenga, ndiye ine ndinatchula neba wanga. Mudzi wa Che Musa sunali kutali ndi hoteloyo. Choncho ulendo unali umodzi koma ntchito ziwiri: kukakhoma malata, ndi kukasiya mwana. Uthenga unapita kwa Che Musa kuti ntchito ikatha adzamutengere pahotelo pomwepo.

Za mu minibasi sindifuna kuzikumbuka. Wailesi ili pamwamba, kondakitala akumenya chitseko pa siteji iliyonse, Zaki akukuwa, mayi wina kumbuyo akufunsa mokweza kuti mwana wolodzedwa tikupita naye kuti. Ndinamuyankha mayiyo mawu amene sindingawabwereze pano.

Pahotelo nyumba za antchito zinali zodzaza, ndiye a manijala anatipatsa chipinda chakumapeto mwa zimene ndinkayenera kupenta. Anali mayi waulemu, koma anayang'ana Zaki nthawi yaitali.

"Abambo, chimodzi chokha," anauza Che Abdullah. "Mwanayu asasokoneze alendo."

Chipindacho chinali cha alendo enieni: mabedi awiri, nsalu zoyera mbee, bafa m'kati momwemo, zenera lalikulu loyang'ana kumadzi. Che Abdullah anavula nsapato pakhomo. Anakana kugona pa nsalu za eni, akuti tingazidetse, n'kuyala chitenje cha malemu mkazi wawo pansi. Ine ndiye ndinagona pabedi, munthu sukana mwayi ukakupeza. Zaki anakwawira kunsi kwa bedi linalo n'kugoneka tsaya pa matailosi ozizira, ndipo anakhala momwemo mpaka kunacha.

Malata anali asanafike. Lole yochokera ku Lilongwe inawonongekera panjira, choncho Che Abdullah analibe chochita koma kukhala ndi mwana wawo. Ankachita mantha ndi madzi, ankachitanso mantha ndi mawu a manijala aja, ndiye anamanga chitenje chija, nsonga ina pa dzanja lawo, ina pa dzanja la Zaki. Alendo anali ochepa: azungu awiri okalamba amene ankangowerenga mabuku pamthunzi, ndi anthu a msonkhano wina amene ankadzitsekera mu holo tsiku lonse. Kukhitchini anatipatsa mpunga wa nsomba, Zaki anakankha mbale. Bambo ake anafotokozera wophika kuti mwanayu amadya mpunga woyera wosakhudzana ndi msuzi, ndiponso amadya pokhapokha iwo ayambe kuikamo dzanja. Wophikayo sanafunse zambiri, ankangopatula mpunga wa Zaki pambali.

M'mawa mwake ndili pakati popala khoma ndinaona kuti chinachake chikusowa. Ndinaima, kumvetsera. Mafunde okha ndi mbalame. Ndinaganiza kuti mwana walowa m'madzi, ndipo ndinatuluka chothamanga. Ndinawapeza pansi pa mtengo. Zaki ankatapa mchenga n'kumaulola kuti uzitsika pakati pa zala, akung'ung'udza chapansipansi. Bambo ake anandikodola kuti ndisayandikire.

Masiku otsatira zinali chimodzimodzi. Anatolera zigoba za nkhono n'kuzindandalika kuyambira pamtengo mpaka pamadzi. Analowa m'nyanja mpaka mu akakolo n'kuima, akuyang'ana mmene madzi ankabwerera n'kumuchotsera mchenga kunsi kwa mapazi. Kenako anaseka. Ine mwana ameneyu ndinamuona tsiku limene anachokera kuchipatala ali m'kansalu, koma kuseka kwake ndinakumva koyamba tsiku limenelo. Bala la pachipumi linayamba kuuma. Chitenje chija anachimasula, ndipo mwanayo sanathawe.

Mungaganize kuti Che Abdullah anakondwa. Ayi ndithu, anafooka kuposa kale.

"Mwaona, a Gilford?" anandiuza tikudya masana. "Che Musa ananena zoona. Mwanayu wanunkhiza kwawo kwa mayi ake. Majini akuopa nyanja ino. Akufuna kuno, sakufuna ine."

Inenso ndinkaganiza chomwecho.

Kenako lole inafika. M'mawa umenewo Che Abdullah anakhazika njanji yawo pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa khitchini, kutali ndi alendo, ndipo anakhazika Zaki pambali pawo ndi zigoba zake, wosamanga. Ine ndinali pa makwerero, ndikupenta khoma lakunja chapafupi pomwepo. Anayeza lata, analemba mzere ndi msomali, anadula. Zaki ali phee, akung'ung'udza. Anaika latalo pa njanji, ananyamula hamala, khoo.

Mwana anakuwa ngati wapsa ndi moto. Anatseka makutu ndi manja onse awiri, anadzigwetsa chafufumimba, n'kuyamba kumenyetsa mutu pansi. Che Abdullah anaima hamala ili m'mwamba. Sanathamangire kukamugwira monga ankachitira ku Biwi, anangoima akuyang'ana. Patapita nthawi kukuwa kunatsika, kunasanduka kusisima, ndipo dzanja limodzi la Zaki linachoka kukhutu n'kuyamba kufunafuna zigoba.

Pamenepo Che Abdullah anamenyanso kamodzi, mwadala. Ndinawada mphindi imeneyo, ndinatsala pang'ono kuwagenda ndi burashi. Zaki anadziluma mkono pamalo pomwe panali patayamba kupola.

Anaika hamala pansi pang'onopang'ono, ngati dzira. Anavula malaya n'kumufunditsa mwana kumutu, ndipo anakhala pambali pake osamukhudza mpaka anatonthola. Nditatsika pa makwerero ndinapeza misozi ikutsikira m'ndevu zawo. Pa maliro a Sakina sindinawaone akulira.

"Si majini, a Gilford," anatero. "Ndine."

Ndinayesa kunena kuti mwina wangodzidzimuka, koma anapukusa mutu.

"Mayi ake ankadziwa. M'mawa uliwonse ankamubereka kupita naye kumtsinje wa Lilongwe, atanyamula tizovala tiwiri titatu, n'kubwerako dzuwa litapendeka. Ine ndinkakalipa kuti kuchapa kwanji kotha tsiku lonse. Ankangoti kunyumba kuno sakhazikika. Akanandiuza bwanji kuti chimene chikutidyetsa ndicho chikumupweteka mwana? Ndiye iye atapita, ine ndinamutenga n'kumumangirira pa njanji penipeni."

Zinandilasa, chifukwa tonse a pa poloti tinali ndi makutu ndi maso, koma palibe anaganizapo. Phokoso limene tinalizolowera sitinkaliwerengera ngati chinthu.

Ntchito ya eni anaimaliza, poti anali munthu wosunga pangano. Tinagwirizana kuti iwo akafuna kukhoma, ine ndizisiya penti n'kupita ndi Zaki kutali, kumiyala ya kumapeto kwa gombe kumene hamala sinkamveka. Mwanayo ankandilola chifukwa anandizolowera, komanso ankakonda kusisita ubweya wa burashi yatsopano. Ntchito yanga inachedwa, a manijala anadandaula, koma chumuni chinaima ndipo ngalande zinakwera padenga. Masiku amenewo Che Abdullah ankakhoma mofulumira ngati munthu wakuba.

Tsiku lopangana Che Musa anafika chakum'mawa pa njinga yakapalasa. Mlonda anawaimitsa pageti, ndiye tinapita kukakumana nawo komweko, Zaki akutsatira m'mbuyo ndi zigoba m'thumba la kabudula. Musawaganizire zoipa Che Musa. Anali munthu wachifundo, anabweretsa ngakhale nthochi za mwana wa mlongo wawo. Pakaliyala ya njinga anayalapo kansalu, ndipo anatenganso chingwe chomumangirira kuti asadumphe panjira.

Atapatsana moni wa Chisilamu, Che Musa anafotokoza kuti zonse zakonzeka. Anamanga kanyumba kuseri kwa nyumba yawo, ka chitseko cholimba, ndipo analankhula kale ndi sing'anga wina wodziwa kutemera ana otere.

"Alamu," anatero Che Abdullah, "mwanayu sindikupatsani."

Che Musa anayang'ana ine, ngati ndine ndawaphunzitsa.

"Tinapangana pa sadaka, pamaso pa anthu."

"Tinapangana ndisakudziwa."

Anawafotokozera zonse, za hamala, za kumtsinje, osabisa ngakhale zoti anamenya kachiwiri mwadala. Che Musa anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye mwandithandiza kunena, alamu," anayankha. "Ngati vuto ndi phokoso, kumudzi kulibe phokoso."

Apa ine ndinaona kuti nkhani yatha, chifukwa mawuwo anali oona. Koma Che Abdullah sanagonje.

"Phokoso kulibe, koma kuli chitseko. Inu mukapita panyanja, atsala m'kanyumbamo ndi yani? Sadya m'manja mwa munthu wina. Mayi ake anapita, ndiye bambo akenso afe ali moyo?"

"Nanga mukabwerera ku Biwi, muzikhoma ali kuti?"

"Sindikhomanso."

Che Musa anaseka, koma sikunali kuseka kwa chimwemwe.

"Mmisiri sasiya hamala, alamu. Mwakula nayo, simudziwa china. Njala ikakupanani mudzaitola, ndipo mwana wa mlongo wanga adzasweka mutu pa nsanamira. Ine ndidzayankha chiyani kwa abale?"

Che Abdullah anatembenuka n'kulowera kuchipinda kuja, ndipo ife tinatsala chiimire, osayang'anana. Anabwerera atasenza thumba la saka paphewa, akupepesuka ndi kulemera kwake, n'kulitula pamapazi pa mlamu wawo. Che Musa anamasula kukamwa kwa thumbalo. Munali njanji, hamala, sizasi yodulira malata, mapanisi opanira malata, zonse.

"Izi si za malemu bambo anu?"

"Ndi zomwezo. Mukazisunge m'kanyumba mwamangako. Tsiku limene mudzamve kuti Abdullah wakhoma ngakhale chivindikiro cha poto, mubwere mudzamutenge mwanayu. Sindidzatsegula pakamwa. A Gilford awa ndi mboni."

Che Musa anatulutsa hamala ija n'kuiyang'ana. Mpini wake unali wosalala, utalowa m'kati pamalo pogwira. Anaibwezera m'thumba. Anayang'ana Zaki, amene anali atakhala pansi pambali pa geti akundandalika zigoba, osadziwa kuti akukambidwa ndi iyeyo.

"Mwalankhula pamaso pa Mulungu, alamu," anatero potsiriza.

"Ndikudziwa."

Tinathandizana kukweza thumbalo pakaliyala, ndipo Che Musa analimanga ndi chingwe chimene anabwera nacho. Ananjuta pafupi ndi Zaki n'kumuikira nthochi pambali, anamuitana dzina, koma mwanayo sanatukule mutu. Njinga sanathe kuikwera chifukwa njanji inkalemera, anachita kuikankha mumchenga mpaka anakhota. Che Abdullah anaiyang'ana mpaka inasowa, manja ali lendee, osadziwa powaika.

Ku Biwi sanakhalitseko. Anasamukira kumapeto kwa Chinsapo, kumene nyumba zimathera m'minda ya chimanga, ndipo anayamba kuyenda ndi ine. Bambo wa imvi, mmisiri wotchuka, n'kumandisungunulira penti ndi kundigwirira makwerero. Kupenta sakudziwa, ndinene poyera, mzere wawo umayenda ngati njira ya munthu woledzera, ndipo ndimawauza. Masiku ena ntchito imasowa, amagona ndi tiyi. Zaki sanachire, musamve ngati ndikunena zozizwitsa. Salankhula mpaka pano, ndipo kukakhala ukwati wa zimkuzamawu pafupi tsikulo limakhala lowawa. Koma amapita nafe kuntchito, amakhala pakona ya chipinda chopanda kanthu ndi burashi yake, ndipo chingwe sichinamukhudzenso.

Tsiku lina, patapita chaka ndi miyezi, tinkachokera kogula penti ku Old Town, ndipo titafika cha ku Biwi, pafupi ndi mashedi aja, mayi wina wa ku Kawale anawazindikira. Anali atanyamula ndowa yakale imene anaikhoma iwo omwe, itayamba kudontha m'munsi.

"Che Abdullah, ndakusakani Biwi yense. Tangondikhomerani pang'ono pokha, simuchedwa. Hamala tibwereka apa."

Anailandira ndowayo n'kuitembenuza. Chala chawo chinayenda m'mphepete n'kuima pamalo podontha, osachita kufunafuna. Anaigwira nthawi yaitali, ndipo ine ndinaona mmene ankaifunira ntchito imeneyo, mpaka ndinayang'ana kumbali chifukwa cha chisoni. Ku Salima kunali kutali, palibe akanakawauza Che Musa, ndipo ine sindikanatsegula pakamwa. Zaki anali ataima kumbuyo kwawo, atagwira nsonga ya malaya awo.

"Pitani nayo kwa Anock, shedi yachitatu," anatero pomubwezera mayiyo. "Mukamuuze apinde kawiri, asapinde kamodzi."

Ananyamula chitini cha penti, anagwira mwana wawo dzanja, ndipo tinadzera njira yakumunsi yozungulira, yosadutsa kumashedi.